Mukapeza kamwana ka gwape kali kokha, kasiyeni pomwepo

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a m'tauni amene timaonana pa Khirisimasi ndi pamaliro, lero ndili ndi nkhani yondiwawa mumtima.

Lachiwiri lapitali anyamata oweta mbuzi anabwera pakhomo panga atanyamula kamwana ka gwape. Akuti anakapeza kuseri kwa chulu kumunsi kwa munda wanga, kali phee mu udzu, make osaoneka. Ine n'kuti ndili kudimba. Pobwera madzulo ndinapeza atakamwetsa kale mkaka wa ng'ombe ndi supuni, ena akukajambula pa foni. "Agogo, n'kamasiye aka, takapulumutsa." Kunali kutada kale kuti n'kukabwezera, ndipo kutacha kanali katayamba kutsegula m'mimba. Lachinayi kanafa. Make ndinamuona ndi maso angawa, masiku awiri akungozungulira pachulu paja.

Anawo sindikuwadzudzula ayi, anachita mwachifundo. Olakwa ndife akuluakulu amene sitinawauze kuti nyama ya kutchire silera mwana ngati mbuzi. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi 5, ikaswa kamwana sikachedwa kuyamba kulondola make, kakulira mee mee, chifukwa pali khola ndi mbusa. Gwape alibe khola. Khola lake ndi udzu. Akaswa amabisa mwana, iye n'kupita kukadya poteropo, n'kumabwera mwakabisira kudzayamwitsa. Amatalikira dala kuti fungo lake lisaitanire fisi, nkhandwe kapena galu pamene pali mwana. Kamwanako nako kamadziwa chinthu chimodzi basi: kugona phee osagwedezeka, ngakhale munthu afike pafupi. Ife timati kafooka, pamene iko kakuchita ntchito yake. Mbawala ndiye amaonjeza. Bere lake ndi la miyezi pafupifupi 6, mwana amatha kubisidwa mpaka miyezi 4, ndipo make amadya ndowe za mwanayo kuti pasatsale fungo.

Inu amene munapitako ku Liwonde kapena ku Majete munaona nswala. Zija zili ndi kalendala yake. Zamphongo zimalimbirana zazikazi cha mu Meyi, ife tikukolola. Bere limatenga masiku pafupifupi 200, ndiye ana amabadwa mu Novembala ndi Disembala, msipu utaphuka, make ali ndi mkaka wokwanira. Amabadwa ambiri m'masabata ochepa, moti zilombo sizingawamalize onse. Akuluakulu ankati nswala imagwira mwana m'mimba kudikira mvula, koma mukawerenga kuchokera mu Meyi muja muona kuti masiku amangokwanira okha. Nayonso nswala imapatuka pagulu pokaswa, imabisa mwana masiku angapo, kenako n'kumubweretsa kwa anzake.

Nditamufotokozera mlamu wanga wa ku Britain za kagwape kaja, anati nakonso nkhani ndi yomweyi. Kuli kanyama kofanana ndi gwape kotchedwa roe deer. Kamakweredwa mu Julaye kapena Ogasiti, koma mwana amakhala m'mimba osakula mpaka cha mu Januwale, n'kudzabadwa mu Meyi kapena Juni kuzizira kutatha. Ndipo chaka ndi chaka oyang'anira nyama kumeneko amachonderera anthu kuti asatole ana amene awapeza ali okha. Ndiye si umbuli wa kumudzi ayi, ndi chifundo chosafunsa.

Ndikudziwa ena muti, "Aaa, inunso achimwene, gwape yemweyu amene amatithera nyemba ndi khobwe?" Zoona, inenso chaka chatha anandidyera mizere ingapo ya nyemba. Koma tiyeni tinene chilungamo. Tili anyamata, popita kudambo m'mawa sitinkalephera kudzidzimutsa gwape. Lero mdzukulu wanga wa sitandade 5 gwape woyamba kumuona ndi wakufa uja. Gwape sasankha mwezi woswa ngati nswala, ndiye moto umene timayatsa posaka mbewa mu Ogasiti ndi Seputembala umapeza ana ali chigonere mu udzu. Make amathawa, mwana sathawa. Onjezanipo makhwekhwe ndi agalu oyenda okha, muona chifukwa chake phiri lathu lili zii.

Pempho langa ndi ili. Uzani ana kuti akapeza kamwana ka gwape kapena ka mbawala asakakhudze, achokepo mwakachetechete ndi agalu awo. Ngati mwaona ndi maso kuti make wafa, dziwitsani amfumu, aitane a zanyama za kutchire. Ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zamasiye zotere ndipo amadziwa kadyetsedwe kake. Inu a m'tauni, lekani kutuma ana a kuno kuti akupezereni kagwape koweta kumpanda. Kusunga nyama ya kutchire popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kambiri kamangofera m'katoni musanafike n'komwe pa depoti. Nkhani ya moto ndi makhwekhwe ndikaitula ndekha pabwalo la amfumu, amene mukugwirizana nane mudzabwere tidzathandizane kuyankhula.

Chulu chija sindichilima chaka chino. Udzu ukhale, mwina make adzaswanso pomwepo.