Milungu inayi siyokwanira kuweruza running back wachinyamata

Chaka chilichonse, ligi ya NFL ikangodutsa mwezi woyamba, anthu osewera fantasy football amayamba kuuzana mawu omwewo: mnyamata watsopano amene sanabweretse mapointi, mugulitseni msanga, palibe chake. Mawuwa afala moti ena amawatenga ngati lamulo. Koma ndi olakwika, ndipo amene amawatsatira amataya osewera oti akanawapatsa chikho kumapeto kwa nyengo.

M'masewerawa munthu amasankha osewera enieni a mpira wa ku America, ndipo mapointi ake amachokera ku mayadi ndi ma-touchdown amene osewerawo apeza pabwalo. Running back ndi uja amathamanga atakumbatira mpira. Iyeyu sangapeze kanthu ngati mphunzitsi sakumupatsa mpirawo, ndipo apa ndi pamene oweruza msanga amaphonya. Mphunzitsi sakhulupirira mnyamata wochokera ku koleji asanaone kuti akudziwa kutchinjiriza quarterback, woponya mpira wa timuyo, kwa adani obwera mwaliwiro. Akalakwitsa kamodzi, quarterback avulala, nyengo yonse ya timu yawonongeka. Choncho mnyamatayo amadikira pabenchi, luso lake lili lonse.

Jonathan Taylor ndi umboni woonekeratu. Mu 2020, chaka chake choyamba ku Indianapolis Colts, zinafika poti mphunzitsi Frank Reich ankapereka mpira kwa Jordan Wilkins ndi Nyheim Hines, iye akuonerera. Ambiri anamugulitsa motchipa. Pa masewera omaliza a nyengoyo anathamanga mayadi 253 polimbana ndi Jacksonville Jaguars, n'kumaliza chakacho ndi mayadi 1,169. Chaka chotsatira anaposa onse mu ligi ndi mayadi 1,811.

Nick Chubb naye mu 2018 ankangoonera Carlos Hyde ku Cleveland Browns. Hyde atagulitsidwa ku Jacksonville mu Okutobala, Chubb anatenga malowo n'kumaliza ndi mayadi 996. Derrick Henry anadikira nthawi yaitali kuposa onsewa: zaka ziwiri ali kumbuyo kwa DeMarco Murray ku Tennessee Titans, ndipo chaka chachitatu anachiyambanso mofooka. Kenako mu Disembala 2018 anathamanga mayadi 238 usiku umodzi, kuphatikizapo ulendo umodzi wa mayadi 99 umene anthu amaukumbukabe. Mu 2020 anafika mayadi 2,027.

Otsutsa amatchula Trent Richardson, ndipo dzinali ndi loyenera kulimvetsera. Browns inamusankha pa nambala 3 pa chisankho cha osewera atsopano mu 2012, Colts n'kumugula mu 2013 popereka mwayi wake wosankha wosewera m'gawo loyamba, koma sanapindule. Kungoti nkhani yake ndi ina. Richardson sanamanidwe mpira. Ankaupatsidwa mobwerezabwereza, ndipo pa zaka zake zonse mu ligi ankangopeza mayadi 3.3 pa ulendo uliwonse. Mnyamata wopatsidwa mpira kambirimbiri n'kumalephera kudutsa ndiye wodetsa nkhawa. Wogwira mpira kasanu pa masewera sanayesedwe n'komwe.

Mwini timu ya fantasy ayang'ane kuti mnyamatayo akulowa pabwalo kangati, ngati nambalayo ikukwera mlungu ndi mlungu, ndi amene ali patsogolo pake. Amene anachita zimenezi mu 2023 anamusunga Jahmyr Gibbs wa Detroit Lions, pamene anzawo ankadandaula kuti David Montgomery akumudyera mpira. Montgomery atavulala, Gibbs anathamanga mayadi 152 polimbana ndi Las Vegas Raiders kumapeto kwa Okutobala.