Ndowa ziwiri nzokwana kutsukira galimoto

Loweruka lina m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, ndinali kuyenda pansi mu msewu wina wa ku Namiwawa mu mzinda wa Blantyre. Ndinadabwa kuona madzi akuyenderera m'mbali mwa msewu ngati kunagwa mvula usiku, chonsecho kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Nditawalondola madziwo ndinapeza akutuluka pansi pa geti la nyumba ina. M'kati mwa mpanda mnyamata wantchito anali kupaka thovu pa galimoto, paipi ili gone pansi ikungotaya madzi payokha. Kunja kwa getilo kunaima amayi awiri, ndowa zili m'manja, kudikira kuti mwina eni nyumba awalola kutungako, pakuti kwawo mipope inali itauma.

Sindinalankhule kanthu tsiku limenelo chifukwa mlandu umenewu nanenso unali kundikhudza. Kwa zaka zingapo ndinkatsuka galimoto yanga chimodzimodzi: paipi yotsegula, sopo wa ufa wochapira zovala, ndi chisanza cha malaya akale. Lero ndifuna tikambirane zimenezi, abale anga, makamaka ife a m'tauni amene tili ndi mwayi wokhala ndi kagalimoto pakhomo. Mfundo yanga ndi imodzi. Katsukidwe kamene kamataya madzi ndi komwenso kamaononga galimoto, ndipo munthu wotsuka bwino, ndi sopo woyenera, safuna madzi oposa ndowa ziwiri kapena zitatu.

Ndiyambe ndi kuulula zanga. Galimoto yanga yoyamba inali yakuda, yogwirapo kale ntchito ku Japan monga magalimoto ambiri amene adzaza misewu yathu. Itafika inkanyezimira moti munthu ankatha kupesa tsitsi akudziyang'anira pa chitseko chake. Patangotha nyengo ziwiri za dzuwa inali yambuu, ndipo ukaiyang'ana masana unkaona timizere tozungulirazungulira thupi lonse ngati ukonde wa kangaude. Ndinaimba mlandu dzuwa la kwathu kuno. Mmisiri wina wopaka magalimoto penti ndiye anandifunsa funso limene linandichititsa manyazi: kodi bambo, mumatsukira chiyani? Nditamuuza anangopukusa mutu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine phulalo sindinadye, koma ndinalitsuka ndi manja anga.

Zimene anandiphunzitsa ndi izi. Pamwamba pa penti wa magalimoto a masiku ano pamakhala chikuto china chooneka ngati galasi, chomwe chimapatsa galimoto kuwala ndi kuteteza mtundu wake kuti usasuluke. Chikuto chimenechi n'chopyapyala kuposa tsamba la nyuzi imene mukuwerengayi. Pamwamba pake eni galimoto osamala amapakapo polishi kapena phula kuti madzi azingotsetsereka. Chikutocho chikakalika kapena kuyamba kusupuka, palibe sopo amene angachibwezere. Chotsala ndi kukapaka penti watsopano, ndipo aliyense amene adafunsapo mtengo wake akudziwa kuti si nkhani yamasewera.

Mdani woyamba wa chikuto chimenechi ndi fumbi. Fumbi la katondo limene limatikuta kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba lili ndi timchenga tolimba kuposa penti. Munthu akatenga chisanza chouma m'mawa n'kumapukuta galimoto ya fumbi, monga timaonera m'makomo ambiri bwana asanapite ku ntchito, ndiye kuti akukhula galimotoyo ndi sandipepa. Ndi bwino galimoto iyende ndi fumbi lake kufikira tsiku lotsuka kusiyana ndi kuipukuta youma tsiku ndi tsiku.

Mdani wachiwiri ndi sopo wolakwika. Sopo wa ufa adapangidwa kuti azichotsa mafuta ndi thukuta pa nsalu, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino zedi. Koma ndi waukali. Akatswiri amayeza ukali umenewu pa muyeso wotchedwa pH. Madzi abwino ali pa 7, ndipo sopo wambiri wotsukira galimoto amapangidwa kuti akhale pafupi ndi pamenepo, pamene sopo wa ufa akasungunuka m'madzi amafika pa 10 kapena kupitirira. Sopo wotere amakokolola polishi yense, amaumitsa mphira za m'mazenera, ndipo timibulu take tosasungunuka timakala penti ngati mchenga. Sopo wamadzi wotsukira mbale naye ntchito yake ndi kuchotsa mafuta, kotero phula loteteza penti silikhalitsa mukamamugwiritsa ntchito kawirikawiri. Sopo woyenera ndi uja amalemba pa botolo kuti car shampoo, wopezeka m'masitolo akuluakulu, m'malo omwetsera mafuta ndi kogulitsa zipangizo za galimoto. Ubwino wake ndi woti amaterera, ndiye dothi limatsetsereka pa penti m'malo mokhulika.

Tsono katsukidwe kake n'kotani? Choyamba, ikani galimoto pa mthunzi, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, chitsulo chili chozizira. Mukatsukira pa dzuwa la masana thovu limauma musanatsukuluze ndipo limasiya mawanga. Ngati n'kotheka iimikeni pa kapinga kapena pa dothi, kuti madzi alowe pansi m'malo mothamangira ku msewu.

Konzani ndowa ziwiri. Mu ndowa yoyamba muike madzi ndi sopo wa galimoto monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, osaonjeza poganiza kuti thovu lambiri ndiwo ukhondo. Mu ndowa yachiwiri muike madzi okhaokha. Musanakhudze galimoto ndi nsalu, ithireni kaye madzi ndi kachitini kapena kheni yothirira ndiwo za m'dimba, kuti fumbi ndi matope zinyowe ndi kuyamba kutsika zokha. Kenaka viikani nsalu yofewa kapena siponji mu ndowa ya sopo, tsukani chigawo chimodzi, ndipo musanaibwezere mu sopo muitsukuluze mu ndowa ya madzi. Mchenga wonse umatsalira mu ndowa yachiwiriyo ndipo sufikanso pa penti. Mukadzamaliza yang'anani pansi pa ndowa imeneyi, mudzaona nokha chimene mwakhala mukupaka pa galimoto yanu zaka zonsezi.

Yambani ndi denga, kenaka magalasi, boneti ndi zitseko, kutsika pang'onopang'ono, chifukwa dothi lambiri lili m'munsi. Musazungulize dzanja, yendetsani nsalu molunjika ndipo mosadidikiza. Nsalu ikagwa pansi musaigwiritsenso ntchito kufikira itachapidwa. Matayala akhale ndi bulashi yawoyawo ndi madzi awoawo, pakuti pamenepo pamakhala phula la mu msewu ndi fumbi lakuda la mabuleki lomwe lili ndi tizitsulo. M'nyengo ya dzinja musaiwale kuchotsa matope amene amakakamira kunsi ndi m'mapiko a matayala, chifukwa matope amasunga chinyezi ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Kupukuta ndi gawo limene ambiri timalinyozera. Timati dzuwa liumitsa, n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi. Koma madzi akauma okha amasiya mchere wake pa penti ndi pa magalasi, makamaka madzi a pa mjigo kapena pa chitsime, ndipo timadontho toyera timeneti tikapsa ndi dzuwa timavuta kuchotsa. Pukutani msanga ndi nsalu yoyera ya microfibre, kapena chikopa chofewa chija amati chamois, kuyambiranso pamwamba. Yalani nsaluyo ndi kuikoka pang'onopang'ono, ikakhuta madzi muifinye. Tsegulani zitseko ndi buti mupukute m'mphepete momwe madzi amabisala. Thaulo lakale losambira ndi malaya othaitha zisiyeni zikhale zokolopera m'nyumba. Ndipo zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo musadikire nazo Loweruka. Zitosi zili ndi asidi amene amadya penti msanga kukatentha. Ikanipo kansalu konyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka muchotse mosakhula.

Mwina wina afunsa kuti kodi nkhani ya ndowa ndi chisanza ikufuna chiyani mu nyuzi. Ikufuna malo chifukwa cha amayi awiri aja ndinawasiya pa geti. Paipi yotsegula bwino imatha kutulutsa malita pafupifupi 1,000 pa ola limodzi. Munthu akatsuka galimoto kwa theka la ola paipi ili chitsegulire wataya malita 500, zomwe ndi ndowa 25 za malita 20. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati malita 20 pa tsiku ndiwo muyeso wochepetsetsa umene munthu mmodzi amafunika pa kumwa, kuphika ndi ukhondo pang'ono. Ndiye kuti galimoto imodzi yosamba ndi paipi yamwa madzi a anthu 25. Wotsuka ndi ndowa zitatu wagwiritsa ntchito malita 60 okha, ndipo galimoto yake yayera bwino kuposa ya mnzakeyo.

Tisaiwalenso kumene madziwo amachokera. Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa chitunda cha mamita pafupifupi 800 kuti afike mu mzinda. Dontho lililonse lathiridwa mankhwala ndipo lakankhidwa ndi magetsi. Ku Lilongwe amadalira madamu awiri a ku Malingunde pa mtsinje wa Lilongwe, omwe amatsika chilimwe chikafika pachimake. Madzi ovutikira chotere, oyenera kumwa mwana wakhanda, kodi n'chanzeru kuwasandutsa mtsinje wa mu msewu chifukwa cha matayala anayi? Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa zomwe zimachitika anthu akasowa madzi aukhondo n'kuyamba kutunga paliponse.

Ndikudziwa yankho la ena: madziwo ndimalipira ndekha, bilu imabwera m'dzina langa. Zoona, mumalipira. Koma paipi yaikulu imene imadyetsa nyumba yanu ndi yomweyo imadyetsa anzanu okhala kumtunda ndi kumapeto kwa mzere, ndipo madzi akachepa iwo ndiwo amayamba kuuma. Ndalama yanu imagula madzi amene adutsa pa mita, koma siionjeza ngakhale dontho limodzi mu thanki ya mzinda. Anzathu amene mudakhalako kunja mukudziwa bwino zimenezi. Mu Febuluwale 2018 mzinda wa Cape Town udalamula kuti munthu aliyense asapitirire malita 50 pa tsiku, ndipo kutsuka galimoto ndi madzi a pa mpope kudali koletsedwa. M'chaka cha 2022 madera ambiri a ku England adaletsa kutsuka galimoto ndi paipi chifukwa cha chilala, wophwanya lamulo n'kumaopsezedwa ndi chindapusa chofika mapaundi 1,000. Ambiri mudamvera malamulo otere kwa eni ake popanda kuwiringula. Nanga bwanji tikafika kwathu timaona ngati paipi yotayirira ndiyo chizindikiro choti zathu zidayenda? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene ali ndi mpope m'nyumba ndi galimoto pabwalo ndiye ayenera kuyamba kusamala, osadikira kuti lamulo limukakamize.

Ena ati sopo wa galimoto ngwodula, ndipo pa nthawi ino ya mavuto a zachuma sindingatsutse. Komabe sopoyu amathiridwa pang'ono, kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri mu ndowa, moti botolo limodzi limatha miyezi. Yerekezani ndi mtengo wopakitsa penti boneti yokha. Ndipo ngati ndalama palibiretu, madzi okhaokha ndi nsalu yofewa yoyera n'zabwino kuposa sopo wa ufa.

Enanso ati ndikufuna kulanda nsima pakamwa pa anyamata amene amatsuka magalimoto m'tauni. Ayi ndithu. Ambiri a iwo amagwiritsa kale ndowa chifukwa madzi amachita kusenza okha, ndipo amadziwa kulemera kwake kuposa ife. Chimene ndikupempha n'choti mukapita kwa iwo mutenge sopo wanu ndi nsalu zanu, muwalipire moyenera, ndipo mukane kutsukitsa galimoto mu mtsinje. Oilo, sopo ndi fumbi la mabuleki zikalowa mu Mudi, mu Lingadzi kapena m'kamtsinje kalikonse, zimakapeza mayi akuchapa ndi mlimi akuthirira mpiru umene mawa tidzagula tokha pa msika. Ngalande za mu msewu nazo zimakathira mu mitsinje yomweyo popanda kusefa. Chimodzimodzinso mnyamata wa pakhomo panu: musam'kalipire kuti wakala galimoto pamene inu simunam'gulire nsalu kapena kumuonetsa katsukidwe kake. Vulani jekete Loweruka limodzi mutsuke naye limodzi. Simudzachepa ndi zimenezo.

Ine galimoto imene ndili nayo tsopano ndimatsuka ndekha, kamodzi pa sabata ziwiri, pansi pa mthunzi wa kuseri kwa nyumba. Ntchito yonse siitha ola, madzi otsukuluzira amathirira kapinga, ndipo penti wake akadali kuwala. Paipi ndidaipinda ndi kuipachika m'galaja. Loweruka likudzali, musanatsegule mpope, ikani paipi yanu mu ndowa ndipo muwerenge nthawi imene itenge kuti idzadze. Mukatero muwerengenso mphindi zimene mumatha potsuka. Chiwerengero chimene mupeze ndicho ndowa zimene wina akanasenza kupita nazo kwa ana ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mpope umene wauma ku Ndirande lero ukhoza kuuma ku Namiwawa mawa.