Dzina latsopano, mizu ya 1964: za makompyuta osunga ndalama ndi mbiri za anthu

Mu Epulo 2025 kampani ya IBM ya ku America idalengeza za kompyuta yatsopano yotchedwa z17. Iyi ndi ya mtundu wa mainframe, makina akuluakulu amene mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maboma amasungiramo ndalama ndi mbiri za anthu. Makinawo ndi atsopano, koma pulogalamu yaikulu yowayendetsa, ya z/OS, mizu yake ili m'chaka cha 1964.

Chaka chimenecho IBM idalengeza za OS/360. Mu 1974 kudabwera MVS, mu 1983 MVS/XA, mu 1988 MVS/ESA, kenako OS/390, ndipo z/OS idatuluka mu 2001. Zili ngati mwana amene wapatsidwa dzina lina kuchinamwali: wakula, koma ndi yemwe uja.

Nthawi zambiri dzina linkasintha makina akakula mphamvu. MVS yoyamba inkapatsa pulogalamu iliyonse malo ogwiriramo ntchito osaposa mamegabyte 16. MVS/XA idawakulitsa kufika pa magigabyte 2, ndipo z/OS idapitirira kutali.

N'chifukwa chiyani sadangotaya zakale n'kuyamba mwatsopano? Banki singalole kuti ndalama za anthu zisokonekere ngakhale tsiku limodzi. Choncho IBM yakhala ikuonetsetsa kuti mapulogalamu ambiri akale azigwirabe ntchito pa makina atsopano.

Ubwino umenewu uli ndi vuto lake. Ambiri mwa mapulogalamuwa adalembedwa m'chinenero cha kompyuta cha COBOL, chomwe chidayamba mu 1959, ndipo akatswiri amene adawalemba akupuma pa ntchito. Mu Epulo 2020, anthu ochuluka atachotsedwa ntchito chifukwa cha Covid-19, makina akale olembetsera thandizo la boma ku New Jersey adalemedwa, mpaka bwanamkubwa Phil Murphy adapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzathandize. Mabanja ambiri adadikira thandizo lawo.

Kwa makolo ndi odzipereka pa zaumoyo, nkhaniyi ikutiphunzitsa mafunso oyenera kufunsa. Mukamva kuti kuchipatala kapena kubanki kwabwera pulogalamu yatsopano, dzina lisakutengeni mtima. Funsani ngati mbiri yakale ya mwana, monga ya katemera ndi sikelo, iziwerengekabe. Funsaninso ngati alipo wophunzitsidwa kukonza makinawo akavuta. Ndipo buku la kuchipatala la mwana lisungeni bwino kunyumba.