Musanagwetse siling'i yakale ija, tamvani kaye

Abale anga akuno ku Chonde, ndi inu a ku Blantyre, Lilongwe ndi Johannesburg amene mumatumiza ndalama zokonzera nyumba kumudzi kuno, lero za feteleza ndi mitengo ya nandolo ndazisiya kaye. Ndikufuna tikambirane za siling'i.

Ukamayandikira mwezi wa Okutobala, nthawi ya Mulhako, nyumba zambiri kuno zimakonzedwa. Alendo akubwera, aliyense amafuna pakhomo pawale. Enanso chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akadakonzabe pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Ndiye uthenga umafika pa WhatsApp: "Ndatumiza pa Mpamba, siling'i yakale ija igwetsedwe, tiike ya PVC." Kukacha mumangoona anyamata awiri a ganyu, wina hamala wina chikwanje, fumbi koboo nyumba yonse. Pofika masana amatuluka ali mbuu ngati achokera kuchigayo, ife n'kumaseka.

Inetu maganizo anga ndi awa. Siling'i yakale ngati ikadali yolimba, isiyeni. Ngati yafikadi pochotsa, ichotsedwe modekha, yonyowa, osaiphwanya. Ndipo amene akulipira ntchitoyo ndiye aonetsetse kuti zatero.

Mabolodi akale a siling'i alipo amitundu iwiri amene timawaona kawirikawiri. Ena ndi ofewa ngati katoni yokhuthala, denga likadontha amafufuma n'kugwa mimba. Ena ndi olimba, otuwa ngati simenti, akasweka amalira ngati mbale yadothi. Olimbawa, pamodzi ndi malata otuwa aja amene timawaona pa nyumba zina zakale za m'maesiteti a tiyi ndi m'masukulu, kale ankapangidwa posakaniza simenti ndi asibesitosi. Palinso siling'i yokhakhala, ya tiziphuphu, imene ankachita kupaka ngati pulasitala. Ku Britain ndi ku America zopakazo ankaikamo asibesitosi mpaka m'ma 1980. Ndi maso okha simungadziwe kuti bolodi ili nayo kapena ayi. Choncho ikakhala yakale, yolimba, yotuwa, ingoitengani ngati ili nayo.

Asibesitosi ndi mwala wokumba pansi, wa timaulusi ting'onoting'ono. Ankaukonda chifukwa supsa ndi moto, suola, chiswe sichiudya. Ku Zimbabwe ankaukumba ku Zvishavane ndi ku Mashava, ku South Africa ku Penge ndi madera ena. Vuto lake n'lakuti timaulusito tikauluka, maso sationa, mphuno siimva fungo. Tikalowa m'mapapo sitituluka. Timatha kuumitsa mapapo munthu n'kumabanika, kapena kuyambitsa khansa ya m'mapapo ndi ya kachikopa kokuta mapapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa. Britain inaletseratu mu 1999. South Africa, imene inkakumba yokha n'kumapezapo ndalama, inaletsa mu 2008. Dziko silitaya malonda ake pachabe.

Ndikudziwa ena muti, "Agogo anagona pansi pa siling'i yomweyo zaka 50, anamwalira ndi ukalamba." N'zoona, ndipo mfundo yanga ndi yomweyo. Bolodi ikakhala phee, yopakidwa penti, yosang'aluka, timaulusi timakhala tomangika m'simenti. Choopsa chimayamba tsiku limene mwaimenya hamala, mwaidula ndi sowo, mwaiboola, kapena mwaipala kuti isalale. Agogo sanaiphwanye. Tikuiphwanya ndife.

Ena muti, "Anyamata aja anagwetsa chaka chatha, bwanji akumenyabe mpira?" Chakudza sichiimba ng'oma. Matenda amenewa amatenga zaka 20, 30, nthawi zina 40 kuti aoneke. Mnyamata wa zaka 18 amene wapuma fumbilo lero, akhoza kudzayamba kubanika ana ake ali ku sekondale. Pamenepo palibe adzakumbuke ganyu wa tsiku limodzi uja. Tidzati chifuwa chachikulu, mankhwala akakanika tidzayamba kulozana zala kuti wina wamulodza. Si aliyense wopuma fumbilo adzadwale, ayi. Koma akamagwira ntchito yotere nyumba ndi nyumba, ngozi imakula, ndipo akakhala wosuta fodya ndiye imakulirakulira.

Nanga titani? Ngati siling'i yangoda ndi utsi kapena madontho, konzani kaye denga pamene pakudontha, kenako ipakeni penti, osaipala. Ngati mukufunitsitsa PVC kuti pabalaza pakongole, kambiranani ndi kalipentala ngati angakhome timatabwa m'makoma, yatsopanoyo idutse m'munsi mwa yakaleyo, osaboola bolodi. Fumbi palibe, zotaya palibe.

Ikakhala kuti yasweka kale ndipo ikugwa yokha, chotsani, koma motere. Tulutsani katundu yense, makamaka ufa, ziwiya ndi zofunda. Ana, okalamba ndi amayi oyembekezera akakhale kwa aneba. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu, chifukwa mawaya amadutsa m'mwambamo. Tengani sipuleya imene timapoperera tomato, itsukeni bwino, thiranimo madzi ndi sopo pang'ono, nyowetsani bolodi. Zulani misomali, tsitsani bolodi yathunthu anthu awiri. Pansi muyale pulasitiki. Mukamaliza musasese pouma. Kolopani ndi nsanza yonyowa, nsanzayo itayidwe limodzi ndi zidutswa. Zovala za ntchitoyo musakazikutumule pakhonde, musakazichapire pamodzi ndi za ana. Kunyowetsaku kumathandizanso pa ndowe za mileme ndi makoswe zimene zimadzaza m'siling'i, pakuti nalonso fumbi lake limadwalitsa.

Kansalu kakukamwa kaja tinkavala nthawi ya Covid sikatchinga timaulusi timeneti. Pamafunika masiki olembedwa FFP3 kapena P3, ogwira bwino nkhope. Apa ndiye ndikulankhula ndi inu a m'tauni. Mumatha kusankha mtundu wa PVC pa foni, kutumiza zithunzi, kufunsa ngati matailosi afika. Funsaninso kuti akugwetsa ndani, wavala chiyani kumphuno. Gulani masikiwo konko mutumize pa minibasi pamodzi ndi penti. Lipirani masiku awiri m'malo mwa limodzi kuti asathamange. Mnyamata wa ganyu sangakane ntchito, kwawo kulibe ufa. Wokhala ndi mpata wosankha ndi inu amene muli ndi ndalama. Ndipotu mnyamatayo si mlendo, ndi mwana wa achemwali anu kapena wa aneba amene amakuyang'anirani nyumba mukakhala kulibe.

Ifenso akumudzi tili ndi khalidwe lathu losataya kanthu. Chidutswa cha bolodi timatchingira khola la nkhuku, kuvundikira chitsime, kuyanikapo ufa, kutchinga mphepo pamoto, ana n'kumalembapo ngati sileti. Zimenezo ayi. Pamoto chimatha kuphulika, ndipo chikamaperepeseka chimatulutsa fumbi lomwe lija. Kulungani zidutswa m'pulasitiki zikadali zonyowa, mufunse alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kapena a zachilengedwe ku boma koyenera kutaya. Musataye m'munda molimidwa, m'mbali mwa mtsinje, kapena kukwirira nazo maenje a mumsewu kuti njinga zizipera. Ndipo wina akamagulitsa mabolodi kapena malata otuwa ochotsedwa pa nyumba yakale, ngakhale atchipe bwanji, adutseni.

Nyumba yokongola tonse timaifuna, Mulhako ukafika alendo adzayamikire. Koma safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama ija, imbani foni mufunse mtundu wa siling'i imene ili m'nyumbamo. Amene muli ndi achibale akukonza nyumba mwezi uno, awerengereni uthengawu, makamaka akalipentala ndi anyamata awo.