Laputopu ya wophunzira: funsani musanalipire, ndipo musasiye fatura

Chaka cha maphunziro chikamayandikira, m'mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Lago mumakhala nkhani imodzi. Mwana wapeza malo ku yunivesite, ndipo kumeneko aphunzitsi amafuna ntchito zolembedwa pa kompyuta. Bambo amagulitsa matumba a mbatatesi kapena mabelo a fodya, mayi amawonjezera ndalama za xitique, ndipo mwana amakwera chapa kukagula laputopu ku Tete kapena ku Lichinga. Vuto ndi lakuti amene anakhetsa thukuta sawadziwa makinawo, ndipo amene watumidwa amachita manyazi kufunsa.

Mwana wa mlongo wanga anagula yake kwa munthu amene anamupeza pa Facebook. Inali yonyezimira, yomatidwa kapepala kolembedwa Core i7. Atafika nayo kunyumba anapeza kuti batire silidutsa mphindi 20. Mwezi wachitatu inazimiratu, ndipo nambala ya wogulitsayo inali itasiya kale kugwira. Pepala lililonse analibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maganizo anga ndi awa: laputopu yodalirika kwa wophunzira wa kuno ndi imene ingakonzedwe m'tauni yomwe akuphunziramo, ndiponso imene wagula ndi pepala m'manja. Kukongola ndi dzina la kampani zibwere pambuyo.

Tiyambe ndi kapepala kamene kananyenga mwana uja. Mawu akuti Core i3, i5 kapena i7 paokha sanena zambiri, chifukwa mayina amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 15. Chofunika ndi nambala yotsatira, imene imasonyeza m'badwo wa purosesa. Mwachitsanzo, i7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ya mu 2017, ndipo yachiwiriyi ndiyo yamphamvu ngakhale dzina lake likuoneka laling'ono. Nambalayi musaiwerenge pa kapepala ka kunja. Yatsani makinawo muione nokha pa sikirini.

Nkhani ya m'badwo yakula chifukwa kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Makina akale kuposa pamenepa akutayidwa ndi maofesi a kunja, ndipo ena akuthera m'misika yathu. Sikuti ndi achabechabe: angathe kugwira bwino ntchito ndi Linux Mint ndi LibreOffice, zomwe ndi zaulere. Koma wogula adziwe chimene akugula, ndipo mtengo wake utsike moyenerera.

Kenako funsani za RAM ndi posungira zinthu. RAM ya 8 GB imakwanira kulemba, kuwerenga mabuku a PDF ndi kufufuza pa intaneti nthawi imodzi. Ya 4 GB imayamba kutsimphina mukangotsegula masamba angapo. Posungira pakhale SSD, ngakhale ya 256 GB. Disiki yakale ili ndi mbale yozungulira m'kati, imachedwa, ndipo siipirira mabampu a mu chapa. Amene akuphunzira uinjiniya wa migodi kapena zomangamanga ayambe afunsa aphunzitsi ake, chifukwa mapulogalamu ojambulira mapulani amafuna makina amphamvu kuposa apa.

Batire ndi nkhani ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Tonse tikudziwa kuti magetsi amazima, ndipo m'nyumba za lendi Credelec imatha pakati pa usiku. Pa Windows pali njira yaulere yodziwira zoona. Lembani cmd pofufuzira, tsegulani, kenako lembani powercfg /batteryreport. Lipoti lotuluka limasonyeza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene likusunga lero. Ngati yatsala theka, werengerani mtengo wa batire lina musanagwirizane za ndalama. Zulaninso chaja kwa kanthawi muone ngati makinawo sazima. Wogulitsa amene akukana zimenezi wakuyankhani kale.

Yesani batani lililonse, kamera, mawu, Wi-Fi ndi mabowo onse a USB. Onani ngati zilembo za Chipwitikizi monga ç ndi ã zikulembeka mosavuta, pakuti monografia ya masamba ambiri idzalembedwa m'chinenero chimenecho. Mverani ngati fani ikuzungulira, chifukwa kutentha kwa ku Tete m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ndipo fumbi limatseka mabowo otulutsira mpweya.

Pa ndalama zofanana, ine ndingasankhe laputopu yogwiritsidwapo ntchito ya mtundu wa m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, kusiyana ndi yatsopano yotchipitsitsa. Zambiri za m'maofesizi zimatsegulidwa ndi sikuludiraiva, ndipo batire, chaja ndi kiyibodi zake zimapezeka. Zatsopano zina zotchipa zili ndi RAM yowotcherera yosatheka kuwonjezera, ndi posungira pa 64 GB pokha. Musanagule, pitani kwa wokonza makompyuta mumufunse mtundu umene amaupezera zipangizo.

Tsopano za pepala, pamene ambiri timagonja. Ndime 92 ya Malamulo Aakulu a dziko la Moçambique imati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wouzidwa zoona, ndi wolipidwa akawonongeredwa. Lamulo nambala 22/2009, loteteza ogula, limafotokoza ufuluwu mwatsatanetsatane, ndipo boma lili ndi bungwe lolandira madandaulo okhudza malonda. Koma mudzadandaula bwanji popanda umboni? Pemphani fatura yokhala ndi dzina la sitolo, NUIT yake, tsiku, mtengo, mtundu wa laputopu ndi nambala yake ya fakitale imene ili kunsi kwake. Garantia ilembedwe, ndi miyezi yake. Uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola umangosonyeza kuti ndalama zinapita. Sunena chimene munagula.

Ena adzati fatura imakweza mtengo, ndipo kwa mnyamata wa pamsika n'kotchipa. N'zoona, ndipo kwa banja losauka kusiyana kwa meticais ochepa si nkhani yaing'ono. Koma laputopu yotchipa modabwitsa, yopanda chaja, yokhala ndi mafayilo a munthu wina kapena yotsekedwa ndi pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, ingathe kukhala yobedwa kwa wophunzira mnzanu. Kugula katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu. Ngati mukugula kwa munthu wamba, lembani kapepala ka mgwirizano, alembepo nambala ya BI yake ndi kusaina pamaso pa mboni.

Ena adzati foni ikukwanira. Pa chaka choyamba, kwa amene alibe njira ina, foni ndi chipinda cha makompyuta cha pasukulu zingathandize, ndipo kudikira miyezi ingapo n'kwabwino kuposa kutaya ndalama za chaka chonse pa chinthu chakufa. Kugula mothamanga ndiko kukutipweteka.

Sukulu nazonso zili ndi udindo. Universidade Púnguè, UniZambeze, UniRovuma, UniLúrio ndi Instituto Superior Politécnico de Tete zingathandize kwambiri ngati, potulutsa mayina a ophunzira atsopano, zingamatulutsenso kapepala kosonyeza makina oyenera pa maphunziro alionse, m'Chipwitikizi ndi m'zinenero zimene makolo amalankhula. Mabungwe a ophunzira angathe kuperekeza atsopano kokagula.

Kwa inu ophunzira: mukagula, sungani fatura pamodzi ndi ziphaso zanu ndipo muijambule pa foni. Ntchito zanu muzizisunga pawiri, pa flashi ndi pa Google Drive, pamene aliyense amapatsidwa 15 GB kwaulere. Kwa inu makolo: mwana akabwera ndi laputopu, musangoyamikira kuwala kwake. Mufunseni kuti, “Pepala lake lili kuti?” Safunsa anadya phula, ndipo ndalama za mbatatesi sizibwera kawiri pachaka chimodzi.