OYIMBA ASATSEKEDWE PAKAMWA

Mlimi wa khofi wa ku Mughese, m'mapiri a Misuku, amakhala kutali ndi Nyumba ya Malamulo, koma nyimbo ya pa wailesi imamupeza m'munda momwemo. N'chifukwa chake nkhani yakuti oyimba azinena zandale kapena ayi ikumukhudza iyenso.

Ena akuti oyimba azingosangalatsa anthu basi. Ife tikuti ayi. Kufikira 1994, amayi a Mbumba ankavina ndi kuyimba nyimbo zotamanda Dr. H. Kamuzu Banda. Zimenezo zinali ndale ndithu. Tsono chimene ena amadana nacho lero ndi chidzudzulo.

Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anatchuka poyimba za mavuto a anthu osauka. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Zoterezi zisadzachitikenso m'dziko muno.

Koma oyimba nawonso asamale. Wolandira ndalama za chipani kuti anyoze ena wagulitsa mawu ake, ndipo anthu adzaleka kumumvera. Anene zoona, mwaulemu ndi mosaopa. Atsogoleri athu akumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi.