Banja lomwe lidasandutsa galimoto kukhala nyumba

Pa 25 Januwale 2000, bambo Herman Zapp ndi akazi awo mayi Candelaria adanyamuka mu mzinda wa Buenos Aires, likulu la dziko la Argentina, pa galimoto yakalekale ya mtundu wa Graham-Paige yopangidwa mu 1928. Adatsanzika abale kuti akupita ku Alaska, kumathero kwenikweni kwa Amereka wakumpoto, ndipo abwerako pakatha miyezi 6. Ulendowo adautsiriza pa 13 Malichi 2022, patatha zaka 22, atayenda makilomita 362,000 m'maiko 102. Mtunda umenewu ndi ngati kuzungulira dziko lonse lapansi maulendo 9. Adanyamuka awiri, adabwera anthu 6, chifukwa ana anayi adabadwira mu ulendo momwemo.

Womva nkhani yotere amafulumira kunena kuti anthuwa ndi olimba mtima mwachibadwa. Ayi ndithu, abale. Banjali lidakhala zaka 6 chikwatiranireni likungokamba za ulendowo osanyamuka. Chaka chino ntchito, chaka chamawa nyumba, chaka chinacho ndalama zachepa. Eni akewo adadzazindikira pambuyo pake kuti zifukwa zonsezo zinali mantha ovala jekete.

Mantha oyamba anali a galimoto yomweyo. Matayala ake anali a masipoko a mtengo, liwiro lake losasiyana kwenikweni ndi la thirakitala yothamanga, ndipo bambo Zapp sankadziwa za umakaniko. Galimoto idawonongekadi, osati kamodzi. Koma poti ndi yachikale, yopanda zamagetsi zambirimbiri, mmisiri wamba wa m'tauni yaing'ono ankatha kuikonza ndi zipangizo zomwe anali nazo. Pa zaka 22 zonsezo injini idakonzedwa mwamphamvu kawiri kokha. Chomwe ankachiopa chija ndi chimene chinkawapezera mabwenzi, pakuti galimoto ikafa pa mudzi, eni mudzi ankabwera kudzaona, kenaka kudzathandiza.

Mantha achiwiri anali a ndalama. Adanyamuka ndi madola 4,000 okha, ndipo adawathera ali ku Ecuador, Alaska akadali kutalitali. Apa ndi pomwe ambiri akadatembenuka. Mayi Candelaria adayamba kujambula zithunzi za mbalame ndi utoto, amuna awo n'kumagulitsa. Kenaka adalemba buku la ulendo wawo, lotchedwa Atrapa tu Sueño m'Chisipanishi, ndipo buku limeneli ndilo lidadzakhala munda wawo: ankaligulitsa paliponse pomwe aima. Ku Alaska adakafika mu 2003, atakweza ngakhale galimoto pa bwato ndi kutsika nayo mtsinje waukulu wa Amazon.

Mantha achitatu ndiwo aakulu, ndipo kholo lililonse likuwadziwa: ana. Woyamba, Pampa, adabadwira ku United States. Tehue ku Argentina, pomwe banjali lidabwererako kwa kanthawi. Paloma ku Canada. Ndipo chitsirizira, Wallaby, ku Australia. Banja litakula, galimoto adaidula pakati ndi kuitalikitsa ndi masentimita 40 kuti mipando ikwane. Ana ankagona mu hema padenga, makolo m'kati. Sukulu inali m'galimoto momwemo, mphunzitsi wamkulu ali mayi awo. Matenda nawo sadawalambalale. Bambo Zapp adadwala malungo, ndipo mu 2020 mliri wa Covid-19 udawatsekereza ku Brazil kwa nthawi yaitali, malire onse atatsekedwa.

Tsono apa mpofunika kusiyanitsa bwino, chifukwa mantha alipo amitundu iwiri. Alipo mantha ochenjeza, ndipo alipo mantha omanga miyendo. Mantha ochenjeza ndi aja amauza munthu kuti agone m'neti, kuti mwana akatentha thupi athamangire naye kuchipatala lero lomwe osati mawa, kuti asayende usiku pa msewu womwe saudziwa, kuti afunse eni dera asanawoloke mtsinje wodzaza. Paja safunsa adadya phula. Mantha amenewa ndi bwenzi, ndipo wowataya amafa imfa yopusa. Koma mantha omanga miyendo sanena chochita. Amangoti khala pansi, kunja kuli zilombo, anthu onse osawadziwa ndi adani. Mantha ochenjeza amatha munthu akachitapo kanthu. Omanga miyendo amakulirakulira munthu akamawamvera.

Anthu a m'maboma a m'malire muno safunika kuphunzitsidwa ndi a ku Argentina kuti kuopa msewu n'kutani. Akuluakulu a ku Angónia, Tsangano ndi Moatize akukumbukira nthawi yomwe magalimoto a pa msewu wa Tete ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndi nthawi yomwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Akukumbukiranso kubwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, munthu akuponda njira ya kumunda kwake komwe mtima uli m'mwamba chifukwa cha mabomba okwirira. Mantha amenewo anali oona, ndipo dziko la Mozambique lidalengeza kuti latsiriza kuchotsa mabomba onse odziwika mu 2015 mokha. Komabe anthu adabwerera, adamanga, adalima. Sadadikire kuti mantha athe kaye. Adafunsa odziwa njira, adaponda pomwe ena aponda, ndipo mudzi udadzukanso.

Kusiyana kulipo, ndipo n'kosabisika. A Zapp adasankha okha kusiya kwawo, pomwe wothawa nkhondo sasankha. Iwo anali ndi mapasipoti otsegula zipata zambiri ndiponso kwawo kobwerera tsiku lililonse lomwe akadafuna. Palibe amene akunena kuti mlimi wa chimanga ndi mbatatesi agulitse ng'ombe zake, agule chigalimoto, azingoyendayenda ndi ana. Walira mvula walira matope: moyo wa pa msewu uli ndi mtengo wake, monga ana kukula kutali ndi agogo awo ndi kusiya mabwenzi sabata ndi sabata.

Chomwe nkhaniyi ikuphunzitsa ndi china. Pa zaka zonsezo banjali lidalandiridwa m'nyumba za anthu zoposa 2,000, ambiri mwa iwo osawadziwa n'komwe, ena osamvana nawo ngakhale chilankhulo. Munthu wachilendo, amene ankamuopa asananyamuke, ndi yemwe adawapatsa pogona, chakudya ndi spanala. Ndiye kuti ulendowo sadauyende okha ayi. Adauyenda pamsana pa anthu wamba amene adatsegula zitseko zawo.

Magalimoto okhala ndi kanyumba kumbuyo kapena hema padenga amadutsanso kuno, pa fronteira ya Zóbuè ndi ya Calómuè, eni ake akudinditsa mapasipoti. Mukawaona, musaganize kuti m'katimo muli anthu opanda mantha. Mwina muli mayi amene sadagone usiku chifukwa mwana watsokomola, kapena bambo amene akuwerengera mafuta otsala ndipo sakudziwa kuti dzuwa likalowa aima pati. Kuwalozera pomwe pali mjigo, chipatala kapena makaniko wokhulupirika, ndi kuwagulitsa tomato pa mtengo womwe mumagulitsira anzanu, n'zinthu zazing'ono, koma ndi zomwe mlendo amakasimba kwawo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ndipo inu amene muli ndi ulendo wanu womwe mwakhala mukuuzengereza, kaya ndi mtsikana wopeza malo a sukulu ku Tete, kaya ndi bambo amene adauzidwa kalekale kuti akayezetse kuchipatala cha ku Ulongué, khalani pansi madzulo ano ndi a m'banja mwanu. Tchulani chomwe mukuopa ndi dzina lake. Ngati chili ndi chochita, chitani. Ngati chilibe, ndiye kuti ndi mantha aja omanga miyendo, ndipo amenewo sadzatha mukadali pakhonde. Sankhani tsiku, muuze anthu awiri kapena atatu kuti akukumbutseni, tsikulo likafika nyamukani.